Chithunzi chamitundu kapena chakuda ndi choyera: mlimi ayambe ndi chiti pojambula?

M'midzi ya ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, foni yokhala ndi kamera si chinthu chachilendonso. Mlimi akaona tsamba la chimanga lasintha maonekedwe, amalijambula n'kutumiza kwa mlangizi pa WhatsApp. Wina amajambula ng'ombe yomwe akufuna kugulitsa, wina lisiti la feteleza, wina agogo ake atakhala pakhonde akusenda nyemba. Mafoni ndi makamera amakonowa amajambula m'njira ziwiri. Pali chithunzi chamitundu, choonetsa zinthu monga mmene diso limazionera, ndipo pali chakuda ndi choyera, chonga zithunzi zakale za m'maalubamu a makolo. Pa foni yolembedwa m'Chipwitikizi njira yachiwiriyi imalembedwa kuti Preto e branco kapena Monocromático, pomwe pa mafoni ogulidwa kutsidya kwa malire imalembedwa kuti Mono kapena B&W.

Njira zonse ziwirizi zili ndi ntchito yake, koma sizifanana mphamvu. Chithunzi chamitundu chikhoza kusandutsidwa chakuda ndi choyera nthawi iliyonse, pamene chakuda ndi choyera sichingabwezeretsedwe mitundu yake yeniyeni ikatayika. Kwa munthu amene chithunzi ndi umboni wa matenda a mbewu kapena wa chiweto chobedwa, kusiyana kumeneku kukhoza kukhudza zokolola za chaka chonse.

Mmene kamera imaonera mitundu

Kuseri kwa diso la kamera kuli kachipangizo kakang'ono kotchedwa sensa. Pamwamba pake pali timadontho mamiliyoni ambiri, ndipo kadontho kalikonse kamangoyeza chinthu chimodzi: kuchuluka kwa kuwala komwe kwagwerapo. Pakokha kadonthoko sikadziwa ngati kuwalako kwachokera pa tsamba lobiriwira kapena pa tomato wofiira. N'chifukwa chake kamera yoyamba ya mtundu umenewu, yomwe Steven Sasson anapanga ku kampani ya Kodak ku America mu 1975, inkajambula zakuda ndi zoyera zokha. Inkalemera makilogalamu 3.6, inali ndi timadontho 10,000 basi, ndipo inkatenga masekondi 23 kuti isunge chithunzi chimodzi pa kaseti.

Mitundu inabwera chifukwa cha nzeru ya Bryce Bayer, wa kampani yomweyo, yomwe inalembetsedwa mu 1976. Iye anaika tisefa tating'ono pamwamba pa timadontho tija. Pa timadontho tinayi tilitonse, tiwiri tili ndi sefa yobiriwira, kamodzi kofiira, kamodzi kabuluu. Zobiriwira n'zochuluka chifukwa diso la munthu limamva kuwala kobiriwira msanga kuposa mitundu ina. Kakompyuta ka m'kamera kamayerekeza kadontho kalikonse ndi tinzake toyandikana nako, kenaka kamawerengera mtundu woyenera pamalo pamenepo. Makamera ndi mafoni ambiri a lero akugwiritsabe ntchito njira yomweyi.

Izi zikutanthauza kuti foni imatola mitundu nthawi zonse, ngakhale mwiniwake atasankha zakuda ndi zoyera. Kusiyana kumabwera posunga. Munthu akasankha Preto e branco asanajambule, mafoni ambiri amawerengera mitundu, kenaka amaitaya, n'kusunga chithunzi chotuwa chokha mu fayilo ya JPEG. Pamenepo ndiye kuti madzi atayika, ndipo saoleka. Alipo mafoni ena omwe amasunga chithunzi choyambirira mobisa kotero kuti sefa ija imatheka kuichotsa, koma mlimi asadalire zimenezi asanayesere yekha pa foni yake.

Chimene chimatayika mitundu ikachotsedwa

Chithunzi wamba cha JPEG chimasunga milingo 256 ya kufiira, 256 ya kubiriwira ndi 256 ya buluu. Zikasakanizidwa zimapereka mitundu yoposa 16 miliyoni. Chikasandutsidwa chakuda ndi choyera, pamatsala milingo 256 yokha, kuyambira pa mdima bii kufika pa kuyera mbee. Choncho mitundu yambirimbiri yosiyana imakakamizidwa kukhala kutuwa kofanana.

Pa kawerengedwe kofala, kutuwa kwa kadontho kalikonse kumatengedwa pafupifupi magawo 59 pa 100 ku kubiriwira, magawo 30 ku kufiira ndi magawo 11 ku buluu. Zotsatira zake zimadabwitsa. Tomato wakupsa ali pakati pa masamba ake amaonekera patali pa chithunzi chamitundu, koma pa chakuda ndi choyera akhoza kutuwa mofanana ndi masambawo, moti munthu amamzindikira ndi kuzungulira kwake kokha. Dothi lofiira la katondo ndi dothi lakuda la kudimba zikhoza kuoneka ngati dothi limodzi. Tsamba lachikasu limangooneka loyererapo, ngati lawalidwa ndi dzuwa.

Pa intaneti pali mapulogalamu omwe amati amabwezera mitundu pa zithunzi zakuda ndi zoyera. Chomwe amachita n'kungopeka. Akaona tsamba amalipaka kubiriwira chifukwa masamba ambiri ndi obiriwira, ngakhale tsamba lenilenilo linali lachikasu ndi matenda. Chithunzi choterocho chikhoza kukongoletsa khoma la m'nyumba, koma si umboni wa chilichonse.

Kumunda ndi kukhola, mtundu ndiwo umboni

Mlangizi amene ali ku Ulónguè kapena ku Furancungo sangafike pamunda uliwonse tsiku lomwe vuto laoneka. Chithunzi ndicho chimamuimira mlimi, ndipo zambiri zimene mlangizi amafuna kuona zili mu mtundu wa tsamba.

Chimanga chikasowa nayitirojeni, masamba akale a m'munsi amachita chikasu kuyambira kunsonga, chikasucho n'kumatsika motsatira msana wa tsamba ngati chilembo cha V. Chikasowa potaziyamu, masamba a m'munsi omwewo amapsa m'mbali mwake pamene pakati pali pobiriwira. Chikasowa fosifolasi, chimanga chaching'ono chimachita mtundu wapepo kapena wofiirira m'masamba, ndipo izi zimaonekera kwambiri nthaka ikazizira, monga m'madimba a kumapiri miyezi ya June ndi July. Pali matenda ena ofalitsidwa ndi tizilombo todumpha, omwe amajambula timizere tachikasu m'litali mwa tsamba, ndipo palinso dzimbiri, lomwe limatulutsa timatuza tofiirira tosiya fumbi pa chala. Pa chithunzi chakuda ndi choyera, kufiirira kwa kusowa fosifolasi kumangooneka ngati tsamba lakuda bwino lathanzi, ndipo timizere tachikasu tikhoza kusokonezedwa ndi kunyezimira kwa dzuwa.

Kulakwitsa pamenepa kumadya ndalama. Chimanga chosowa nayitirojeni chimafuna feteleza wobereketsa monga yureya, pamene fosifolasi amayenera kulowa m'nthaka pobzala kudzera mu feteleza wokulitsa monga NPK 12-24-12. Chimanga chodwala matenda a timizere sichichira ndi feteleza wa mtundu uliwonse. Mlimi amene wagula thumba lolakwika chifukwa cha chithunzi chosaonetsa mtundu wataya meticais zake, komanso wataya masabata omwe mbewu ikanapulumuka.

N'chimodzimodzi ndi mbatata ya kachewere ndi tomato, mbewu zomwe mabanja ambiri a ku Tsangano ndi Angónia amadalira. Chiwawu chobwera nyengo ya mvula ndi nkhungu chimayamba ndi mabanga akuda onga onyowa, ozunguliridwa ndi mzere wobiriwira motuwa, ndipo kunsi kwa tsamba kumamera nkhungu yoyera. Chiwawu china chimapanga mabanga ofiirira okhala ndi mizere yozungulira mkati, kunja kwake kuli chikasu. Kuti mlangizi asiyanitse ziwirizi amafunika kuona mtundu wa banga ndi wa m'mphepete mwake. Kwa alimi a fodya nakonso, mtundu wa tsamba louma ndi chimodzi mwa zinthu zomwe zimalekanitsa magiredi.

Kukhola, mtundu umanena zambiri. Mbuzi kapena nkhosa imene njoka za m'mimba zaimwa magazi imayera mkati mwa chikope cha m'munsi. Ku South Africa anapanga khadi lotchedwa FAMACHA lokhala ndi milingo 5, kuyambira pa kufiira kwa chiweto chathanzi kufika pa kuyera kwa chiweto chomwe chatsala pang'ono kufa. Ng'ombe yodwala matenda ena ofalitsidwa ndi nkhupakupa imakodza mkodzo wofiira. Zonsezi sizioneka pa chithunzi chopanda mitundu. Ndipo m'madera a m'malire, komwe ng'ombe yobedwa ikhoza kuoloka usiku umodzi, mwini khola amene anajambula ng'ombe iliyonse mbali zonse ziwiri ndi kumaso, mawanga ake akuoneka mtundu wake, amakhala ndi choonetsa kwa amfumu ndi apolisi. Ng'ombe yofiira ndi yakuda motuwa zimafanana zikajambulidwa zakuda ndi zoyera.

Kuti mtundu usaname

Kujambula chamitundu pakokha sikukwanira, chifukwa kamera imatha kunamizidwa ndi kuwala. Dzuwa la madzulo limafiiritsa chilichonse. Pansi pa mtengo wa masamba ambiri zinthu zimabiriwira, ndipo pansi pa lona yabuluu ngakhale chimanga choyera chimaoneka chabuluu. Foni imayesa kukonza zimenezi yokha, koma nthawi zina imapitirira muyeso.

Nthawi yabwino yojambula tsamba lodwala ndi m'mawa dzuwa litakwera pang'ono, kapena pamene kuli mitambo yopyapyala. Dzuwa likaswa mtengo, wojambula aime moti mthunzi wake uphimbe tsamba lonse, pasakhale theka lowala theka lamdima. Kuika pepala loyera la m'kope pambali pa tsamba kumathandiza kwambiri: wolandira chithunzi akaona pepalalo likuoneka lachikasu kapena labuluu, amadziwa kuti mitundu yonse yapotoka. Ndi bwinonso kuika tsamba lathanzi pafupi ndi lodwala, ndi ndalama yachitsulo yoonetsa kukula kwa banga kapena kwa mbozi.

Tisefa tokometsera zithunzi tizimitsidwe, makamaka tija tokoleza mitundu kuti iwale kwambiri. Nyali ya kamera isayatsidwe pafupi ndi tsamba chifukwa imayeretsa pakati pa chithunzi. Diso la kamera lipukutidwe ndi kansalu kofewa, popeza foni yokhala m'thumba la kumunda imadzala fumbi ndi thukuta. Kenaka munthu akhudze pagalasi pamalo pomwe pali banga, adikire kuti pamveke bwino, ndiye ajambule. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zithunzi zitatu zimakwanira: munda wonse, phesi lathunthu, ndi tsamba chapafupi, pamwamba ndi kunsi komwe.

Pamene chakuda ndi choyera chimaposa

Pali ntchito zina zomwe mitundu imangosokoneza. Mitundu ikachoka, diso limayamba kuona zinthu zomwe poyamba silinkazilabadira: makwinya a pankhope, mitsempha ya m'manja mwa munthu wolima, kalukidwe ka nkhokwe, mizere ya m'munda dzuwa likamaiwomba chammbali, utsi wotuluka padenga la khitchini. Munthu akajambulidwa pamsika wa ku Calómuè kapena ku Zóbuè, kumbuyo kwake kuli mabeseni ofiira, malona abuluu ndi zikwangwani zachikasu, zonsezi zimalanda maso. Chithunzi chomwecho chikakhala chakuda ndi choyera, nkhope ya munthuyo ndiyo imatsala patsogolo.

Dziko la Moçambique lili ndi mbiri yaikulu pa luso limeneli. Ricardo Rangel, yemwe anabadwira ku Lourenço Marques mu 1924 n'kumwalira mu 2009, anatchuka ndi zithunzi zakuda ndi zoyera zoonetsa moyo wa anthu wamba nthawi ya atsamunda. Anali mmodzi mwa omwe anayambitsa magazini ya Tempo mu 1970, ndipo pambuyo pa ufulu anaphunzitsa ojambula ambiri ku Maputo. Chimodzi mwa zithunzi zake zodziwika kwambiri ndi cha mnyamata woweta ng'ombe ku Changalane, yemwe bwana wake anamuotcha pachipumi ndi chitsulo chodindira ziweto chifukwa chotaya ng'ombe. Pachithunzipo palibe mtundu woti ukope maso kwina. Munthu amangoona chipsera ndi maso a mwanayo. Mpaka lero alipo ojambula omwe amasankha njira imeneyi dala, moti mu 2012 kampani ya Leica ya ku Germany inatulutsa kamera yotchedwa M Monochrom, yopanda tisefa ta mitundu, yojambula zakuda ndi zoyera zokha.

Chakuda ndi choyera chimathandizanso kuwala kukakhala kovuta. M'nyumba momwe muli nyali yachikasu mbali ina ndi kuwala kwa pazenera mbali ina, nkhope zimatuluka ndi mitundu yosakanizika yosasangalatsa. Usiku, foni yotsika mtengo imadzaza chithunzi ndi timadontho tofiira ndi tobiriwira. Mitundu ikachotsedwa, timadontho timeneti timangooneka ngati mchenga wosalala, ndipo chithunzi chimapulumuka.

Ntchito ina ndi ya mapepala. Malisiti ambiri a m'masitolo amasindikizidwa pa pepala lomwe zilembo zake zimafufutika pakapita miyezi, makamaka likakhala padzuwa. Kulijambula tsiku lomwelo, n'kusandutsa kope lake lakuda ndi loyera, n'kuwonjezera kusiyana kwa kuda ndi kuyera, kumachititsa manambala kuwerengeka bwino ndi kusindikizika bwino pa makina a fotokope. Komabe pa mapepala okhala ndi chidindo kapena siginecha ya inki yabuluu, monga chikalata cha malo cha DUAT kapena pangano la ngongole ya zipangizo zaulimi, chithunzi chamitundu chisungidwe, chifukwa ndicho chimaonetsa kuti chomwe chinajambulidwa ndi pepala lenileni osati fotokope.

Njira yopezera zonse ziwiri

Pa foni, njira yosavuta ndi iyi. Kamera isiyidwe pa mitundu nthawi zonse. Chithunzi chikajambulidwa, munthu atsegule malo osungira zithunzi, asankhe Editar, asankhe sefa yakuda ndi yoyera, ndipo posunga asankhe Guardar cópia, kutanthauza kusunga kope. Akatero amakhala ndi zithunzi ziwiri, choyambirira chili chosakhudzidwa. Ngati foni ilibe posankha kope, ayambe wapanga kope la chithunzicho, ndiye asinthe kopelo. Ayesere kaye pa chithunzi chosafunika kuti adziwe khalidwe la foni yake.

Kusandutsa pambuyo kuli ndi phindu linanso. Popeza mitundu ikadalipo, mapulogalamu ena osinthira zithunzi amalola munthu kusankha mtundu womwe uyere ndi womwe ude. Akhoza kudetsa thambo labuluu kuti mitambo ya pamwamba pa phiri la Dómuè ionekere, kapena kuyeretsa zofiira kuti tomato asiyane ndi masamba. Kale ojambula ankachita zimenezi pomangirira galasi lofiira kapena lachikasu kutsogolo kwa kamera, ndipo akalakwitsa panalibe kubweza.

Amene ali ndi kamera yaikulu, monga ojambula maukwati ndi misonkhano ya magulu a alimi, ali ndi njira yachitatu. Makamera amenewa amasunga fayilo yotchedwa RAW, yomwe ndi zonse zomwe sensa inatola zisanakonzedwe. Wojambula akasankha RAW+JPEG n'kuika kamera pa Monocromático, pagalasi amaona chakuda ndi choyera, fayilo ya JPEG imasungidwa yakuda ndi yoyera, koma ya RAW imakhala ndi mitundu yonse. Kudina kamodzi kumabala zithunzi ziwiri. Ubwino wake ndi wakuti amaoneratu mmene kuwala ndi mithunzi zikukhalira asanajambule. Kuipa kwake n'kwakuti fayilo ya RAW ndi yaikulu kangapo kuposa ya JPEG, imadzaza memore khadi msanga, ndipo imafuna pulogalamu yapadera kuti itsegulidwe. Mafoni ena apamwamba ali ndi njira imeneyi pansi pa mawu akuti Pro, koma kwa mlimi wofuna kutumiza tsamba kwa mlangizi, JPEG yamitundu ndi yokwanira.

Za mayunitsi ndi katumizidwe

Ena amajambula zakuda ndi zoyera poganiza kuti apulumutsa mayunitsi a intaneti. Phindu lake ndi lochepa kwambiri. Mu fayilo ya JPEG, malo ambiri amadyedwa ndi kuwala ndi mdima, pamene mitundu imapanikizidwa kale n'kutenga kagawo kakang'ono. Kuchotsa mitundu kumachepetsa fayilo pang'ono chabe, koma kumataya chinthu chomwe mlangizi amafuna. Wofuna kusunga mayunitsi achepetse chiwerengero cha zithunzi, kapena adule m'mbali mwa chithunzi momwe mulibe kanthu.

WhatsApp imachepetsa chithunzi chilichonse isanachitumize, ndipo timabanga tating'ono tikhoza kufufutika. Kuyambira mu 2023 pali kabatani ka HD komwe kamasunga zambiri, ndipo chithunzi chotumizidwa ngati Documento chimafika monga chinajambulidwira. Pa mbozi ija yowononga chimanga yomwe inafika m'dziko muno mu 2017, imene m'Chipwitikizi amati lagarta do funil, zizindikiro zake ndi zazing'ono: chilembo cha Y chozondoka pamutu ndi timadontho tinayi takuda pafupi ndi kumchira. Kuti zimenezi zioneke, chithunzi chimodzi chakuthwa chotumizidwa bwino chimaposa zithunzi khumi zosamveka.

Mabanja ambiri amabwerekana foni imodzi. Mwana wa sukulu akhoza kuika kamera pa zakuda ndi zoyera pojambulana ndi anzake madzulo, m'mawa bambo kapena mayi n'kupita nayo kumunda osadziwa. Choncho mvula yoyamba isanagwe, ndi bwino mwini foni atsegule kamera, aone ngati ili pa mitundu ndiponso ngati tisefa tonse tazimitsidwa, kenaka ajambule ziweto zake zonse ndi mapepala ofunika, n'kutumizako makope kwa wachibale wodalirika kuti foni ikatayika zithunzizo zisatayikire limodzi.